Khanda la Pansi pa Benchi

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, monile mose. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo lero sindinong'ona ayi.

Mukundidziwa, ndimagulitsa tomato mumsika wa pa Boma. Mukudziwanso kuti m'banja mwanga simunamveke kulira kwa mwana. Ena muli muno munkanditcha chumba. Ndinkamva, musaganize kuti sindinkamva.

Tsiku lina m'mawa ndikuyala tomato, ndinamva kulira pansi pa benchi. Khanda, abale! Khanda lokulungidwa m'chitenje chonyowa. Ndinathamanga nalo kupolisi, apolisi n'kuitana amayi a ku ofesi yosamalira anthu, aja timangoti a sosho. Ine ndinati, "Mayi, Mulungu wandiyankha, ndikupita naye kwathu." Iwo anati, "Ayi, mama. Mwana si nkhuku yosochera. Tiyambe tafufuza abale ake." Ndisaname pamaso pa Mulungu, ndinawada amayi aja.

Anafufuza, anafufuza, mpaka ku Wenya anafika, m'bale osapezeka. Kenako anabwera kwathu ku Lufita. Anaona pogona, anaona potunga madzi, anawatengera pambali bambo akunyumba n'kuwafunsa ngati akumufunadi mwanayo. Atakhutira anandipatsa kuti ndizimulera, iwo n'kumabwera kudzamuona.

Apo ndiye Satana anadzuka. Alamu anga anati, "Magazi osadziwika atibweretsera tsoka pamudzi pano." Posakhalitsa kunabwera bambo wina wotchena, akuti ndi malume ake a mwana, akufuna apite naye ku Tanzania. Alamu anali atayamba kale kumanga tizovala take. Ine ndinabereka mwana kumbuyo, ndinaima pakhomo, ndinati, "Muyambe mwandipha ine." Mukumva, amayi? Ndinatero! Ndinaimbira foni a sosho. Anafika pa kabaza, fumbi mpaka m'nsidze. Sanakalipe ayi. Anangofunsa, "Mayi ake dzina lawo ndani? Anabadwira kuti?" Bambo uja chibwibwi. Iwo anati, "Tiyeni ku ofesi, apolisi akamve nawo." Iye anati akatenge kaye makalata. Mpaka lero akutengabe makalatawo!

A sosho analemba zonse, n'kukaima nane kukhoti. Sabata yathayi woweruza wagamula kuti khanda lija, limene tinalitcha Lusungu, ndi mwana wanga mwalamulo. Wanga, abale. Wanga!

Ndiye mumve bwino. Inu amene mumati "wotola uja" ndikamadutsa naye, lekani lero lomwe. Mwanayu ali ndi dzina, ali ndi bambo, ali ndi mayi, ndipo mayi akewo ndi ine ndaima panoyu. Amene sizikumusangalatsa akadandaule kwa Mulungu, osati kwa ine.

Yewo Yesu, yewo chomene! Amayi, nthungululu zija zili kuti? Imirirani, sangalalani nane. Aleluya!