Tambala wa Make Tiyamike

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kwa Chinsapo, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene nkhuku zanga zinatha ndi chitopa mvula ili pafupi. Chitopa ndinali nditachionapo kale. Chimene chinandipweteka n'chakuti ulendo umenewu chinalowa pakhomo panga chili m'khwapa mwa mnzanga wapamtima.

Chimwalirireni bambo a kunyumba, chinkatisunga ndi kamunda kathu kutsidya kwa dambo, ndi nkhuku za kuseri kwa nyumba. Mvula ikayandikira ndinkagulitsa nkhuku n'kugula mbewu ndi feteleza. Chaka chimenecho makuponi a feteleza anali atangoyamba kumene, koma dzina langa silinatuluke. Sindinadandaule kwenikweni, popeza khola linali lodzaza.

Mnzangayo anali Make Tiyamike. Tinkakhala benchi imodzi kutchalitchi, ndipo pa maliro a mwamuna wanga ndiye ankagona pambali panga. Anali ndi tambala wa mtundu wa mikolongwe, wakuda bii, amene ndinkamusirira kwambiri. Kangapo konse ndinapempha kuti andibwereke, iye ankangoseka. Ndiye tsiku lina m'mawa ndinangoona watulukira, tambala ali m'khwapa.

"Asisi, suja mumamulira uja? Tengani. Mungondipatsako misoti itatu basi."

Ndinasankha ndekha misoti yonona, n'kumuperekeza mpaka kumsewu ndikuthokoza. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kutacha tambala sanalire. Anangoti ndwii pansi pa mpapaya, mapiko ali lende. Posakhalitsa zinzake zinayamba kuwodzera, zitosi zobiriwira, makosi kupotoka. Ndinayesa tsabola, ndinayesa phulusa m'madzi, koma m'mawa uliwonse ndinkatuluka ndi khasu kukakwirira.

Ndi mtima wanga wopusawu ndinathamangira kwa Make Tiyamike kukamuchenjeza kuti atsekere zake. Ndinapeza khola lili pululu, losesedwa bwinobwino, mwini wake kulibe. Mayi woyandikana naye nyumba ndiye anandimasula.

"Kodi simukudziwa? Zawotu zinayamba kufa kale. Zotsala anakagulitsa kumsika, pamodzi ndi misoti ina itatu. Tambala yekha ndiye ogula anamukana, ati akuwodzera."

Abale, ndinalira, ndipo sindinkalira nkhuku ayi. Munthu ameneyu ankadziwa bwino kuti ana anga amadya za m'khola lija. Lamulungu anabwera n'kudzakhala pambali panga, n'kumayimba mokweza ngati palibe chachitika. Ine nyimbo inakanika kutuluka.

Mvula inabwera msanga chaka chimenecho. Anthu anakhamukira kuminda ndi zitini za mbewu, ine ndilibe ngakhale njere imodzi. Ndinapitabe kumunda, kuopa kukhala pakhomo ana akundiyang'ana. Ndinagwada pakati pa mizere n'kunena kuti, "Ambuye, mizere ndapanga, koma m'manja mulibe kanthu. Ana awa ndi anu."

Pobwerera ndinakumana ndi abambo Makwinja, mkulu wina wa ku Thyolo amene anali ndi dimba la masamba m'dambomo. Zaka zonse ankabwera ndi njinga kudzasesa zitosi m'khola mwanga. Sindinkawalipiritsa, kwa ine zinali zinyalala, mwinanso ndinkawaseka kuti adzafa akununkha nkhuku. Anandifunsa chifukwa chimene ndinali ndisanabzale mvula yabwino chotere, ndipo ndinawafotokozera zonse. Anangopukusa mutu n'kumapita.

Mawa lake ndinawapeza kumunda kwanga akutsitsa matumba panjinga. Munali manyowa owolerana bwino, akuda, ndi kadengu ka chimanga chamakolo choderako ndi utsi wa kukhitchini.

"Mayi, izi ndi nkhuku zanu zomwe zija," anatero. "Zinafa, koma zinasiya kanthu. Bzalani lero, chinyezi chisanathawe."

Anabwereza maulendo angapo mpaka munda wonse unakwana. Tinabzala ndi ana tsiku lomwelo, phando lililonse ndi dzanja la manyowa. Kupatsa n'kuikadi, ngakhale ine sindinkadziwa kuti ndikuika. Chimanga chinabereka chotikwanira mpaka kukolola kwina, ndipo m'nyumba mwanga simunagone mwana ndi njala.

Make Tiyamike sanapepese mpaka lero. Nthawi ya mondokwa anadutsa pakhomo, n'kuyamikira kuti ndalima. Ndinamuthyolera zimanga zitatu, mtima ukuwawabe, iye analandira osandiyang'ana kumaso. Ndikupempherabe kuti ndimukhululukire kotheratu, koma benchi ndinasintha.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandisungira chakudya m'chinthu chimene ndinkataya. Inu amene wokupwetekani ndi yemwe mumayimba naye nyimbo imodzi, musasiye kupanga mizere. Mbewu idzabwera ndi munthu amene simumamuwerengera.