Bambo Yeremiya Katsekera ndi Mpira Umene Unagwera ku Dambwe

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1920 m'mudzi mwa Chimphandu, m'boma la Dedza ku Nyasaland, ndipo makolo awo anawatcha Yeremiya. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi la a Katsekera. Anabatizidwa ali khanda, naphunzira pa sukulu ya mishoni ku Mphunzi mpaka Sitandade 3. Kumeneko ndiko anayamba kumenya mpira wamasanza, ndipo amalume awo, amene ankasoka nsapato za aphunzitsi, anawaphunzitsa kugwira zingano ndi chikopa.

Mu 1941 anauyamba ulendo wa ku Halale wapansi, kudzera ku Tete. Anayenda masabata atatu. Mu 1943 analembedwa ntchito pa purazi lino la ku Raffingora, m'mabani owotchera fodya, ndipo sanachokenso. Mu 1946 anamanga ukwati woyera ndi mayi Keziya Nambewe, amene akhala apowa.

Akuluakulu muli pano mukukumbukira mmene komboni yathu inalili Chitaganya chitangoyamba. Tinali ogawikana pawiri, a ku tchalitchi uku, a gule wamkulu uko, kutunga madzi pa mjigo umodzi koma osapatsana moni. Lamulungu lililonse linkathera pa mowa wa chikokiyana ndi mipeni. Mu Epulo 1954 munthu anabayidwa pamimba kuseri kwa sitolo, nafera m'manja mwa malemuwa. Sabata yomweyo iwo anapita kwa a Laxon Mbalule, mkulu wa gule pano, munthu amene malemu anali asanalowepo m'nyumba mwake. Anthu awiriwa anakapempha tsala la pakati pa komboni ndi manda, nazula zitsa ndi makasu, naimika magolo a mitengo ya bulugamu uku ndi uku kuti pakhale bwalo la mpira. Anzathu Achishona ankatiseka kuti ndife machona, anthu oiwala njira ya kwawo. Malemu anati dzinalo n'labwino, lisatayike, ndipo timu inatchedwa Machona. A Laxon anakhala pagolo, malemu anakhala kapiteni.

Sitinena kuti mpira unathetsa magazi. Unangowachepetsa. Mu 1956 anyamata atatu anabwera ku ntchito Lolemba akutsimphina, ndipo foromani wa nthawi imeneyo anafuna kudziwa amene anawalola kusewera. Malemu anavula malaya okha, nalandira zikoti zisanu ndi zitatu pamaso pa gulu lonse. Mu 1958, pa purazi lina cha ku Banket, Machona atagoletsa chigoli chachiwiri anthu a kumeneko anayamba kugenda. Mwala unawagulula malemu mano awiri akutsogolo, ndipo anabwera ndi osewera awo onse pa thirakitala, wina atathyoka mwendo, wina khutu likulendewera. Usiku wa tsikulo sanadye, koma m'mawa mwake tinawaona pakhonde akusoka mpira umene unang'ambidwa ndi mpeni.

Sanali munthu wolankhulalankhula. Ankafika pa bwalo ola lathunthu anzawo asanafike, n'kumatola minga ndi magalasi, chifukwa ambiri ankasewera opanda nsapato. Alendo akabwera, kaya apambana kaya agonja, chidebe choyamba cha mahewu a mayi Keziya chinkapita kwa iwo. Wina akavulala, ngakhale amene wangowatchola iwo omwe, ankamugwadira n'kumumanga ndi nsalu imene ankasunga m'thumba. Asanayambe kusewera ankapemphera mwachidule, ndipo a gule ankavula zipewa.

Bwalo lathu linali ndi lamulo limodzi limene silinalembedwe. Kuseri kwa golo lakummawa kuli nkhalango ya kumanda, ndipo m'menemo muli dambwe, malo obisika a gule kumene munthu wosameta, amene sanalowe gule, saloledwa kuponda. Mpira ukagwera m'nkhalangomo, wenzulo inkalira, aliyense n'kuima pamene ali, mpaka a Laxon kapena munthu wina wometa akautenge. Malemu sanamete, ndipo kwa zaka zisanu ndi zitatu sanadumphepo mzere wa mitengo ija. Timu ya alendo ikafika, iwo ndiwo ankaisonkhanitsa pakati pa bwalo n'kuifotokozera lamuloli m'Chinyanja ndi m'Chishona.

Lamulungu pa 10 Juni chaka chino cha 1962 kunabwera timu ya kumigodi ku Mutorashanga. M'mawa umenewo mayi Luiza, oyandikana nawo nyumba, anadwala mwadzidzidzi, ndipo malemu anawanyamula pa njinga kupita nawo ku kiliniki. Pobwerako anapeza mpira utayamba kale. Aliyense wa ife ankayesa kuti mnzake wawauza alendowo. Palibe anawauza.

Chigawo chachiwiri chili mkati, mpira unadumpha golo n'kugwera m'nkhalango. Mlendo wina, bambo Simeon ochokera ku Tete, pofuna kutithandiza, anathamangira komweko wenzulo isanalire. Anthu anakuwa, koma iwo ankayesa kuti akuwachemerera. Tsiku limenelo kudambwe kunali anthu, chifukwa ankakonzekera gule wa mpalo, wokumbukira munthu amene anamwalira. Tinamva mfuu. A kumigodi anathamangira ku lole yawo n'kutulutsa mipini ya mapiki, a kuno anazula mitengo ya mpanda, ndipo bwalo lija linasanduka malo ophera nyama. Anthu anatemana ndi zikwanje. Wina anaswedwa nsagwada, wina anadulidwa zala ziwiri, amayi akuthawa ndi ana kumsana.

Malemu sananyamule kanthu. Anavula chipewa, nachiika pansi pamalire a mitengo, nalowa m'nkhalango momwe sanalowemo chibadwire. Anapeza a Simeon ali pansi, mkono utathyoka, zibonga zikuwagwera. Anawagonera pamwamba. Zimene zinatsalira a Simeon zinagwera iwo, ndipo mpini umodzi unawapeza kunkhongo. A Laxon atafika kuchokera pagolo anaima pakati, nakalipira anthu awo, ndipo ndi iwowo amene anatuluka atawabereka malemu kumsana, magazi akutsikira pa malaya a timu.

Anagonekedwa m'chipatala ku Sinoia masiku khumi ndi anayi. Anabwerera kunyumba akuyenda pang'onopang'ono, diso lamanzere losaona. Munthu amene anawamenya kunkhongo, malemu anamuona nkhope. Foromani anafunsa, akulu ampingo anafunsa, mwana wawo Fredson anafunsa akulira, koma yankho lawo linali limodzi, loti fumbi linali lambiri. Ankangodziimba mlandu okha kuti anachedwa kufika pa bwalo, ndipo ankafunsa ngati mkono wa a Simeon wagwirana. Lachiwiri madzulo mutu unakula, anasiya kulankhula. Ambuye anawaitana Lachitatu pa 27 Juni, dzuwa likutuluka. Anali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri.

Tsopano a banja atituma kuti tinene chimene malemu anatisiyira akali kulankhula. Tamva kuti pali anyamata a ku tchalitchi amene abisa zibonga m'udzu kuseri kwa bani lachitatu, akudikira kuti tikwirire. Tamvanso kuti ena akukonza zokatchinga lole ya kumigodi pa mlatho. Malemu anati dzanja lililonse limene lidzawabwezere lidzakhala lawamenya kachiwiri. Anati dambwe lisakhudzidwe, timu isafe, ndipo a Laxon akhale kapiteni. Ndipo za munthu amene anamuona nkhope uja, anati ngati adzabwere pamaliro, apatsidwe malo okhala ndi madzi osamba m'manja ngati wina aliyense. Ife sitikumudziwa, ndipo sitimufunafuna. Ngati ali pano, wamva yekha.

Malemu asiya akazi awo mayi Keziya Nambewe, ana anayi, Fredson, Jenifa, Matilda ndi Filesi, mdzukulu mmodzi, ndi alongo awo awiri ku Dedza, amene kalata sinawafike.

Tikuthokoza amayi a chigwirizano amene sanachoke pasiwa chiyambire Lachitatu, a dalaivala a thirakitala amene anawaperekeza ku Sinoia, ndi mayi Luiza amene anadzuka pa mphasa yawo ya matenda kudzawaphikira phala masiku atatu omaliza. Tikuthokoza adzukulu a kwa a Laxon, amene anapempha okha kukumba manda a Mkhristu. Tikuthokozanso bambo Simeon ndi akazi awo mayi Felizarda. Anawachenjeza kuti akabwera kuno sabwerera amoyo, koma abwera, ndipo mbandakucha uno a Simeon anali m'dzenjemo pamodzi ndi adzukulu, akutulutsa dothi ndi dzanja limodzi.

Mulungu amene anawapereka wawatenganso. Bambo athu a Katsekera, pumulani mumtendere wa Ambuye mpaka tsiku lodzaonananso. Amen.