Eni nthaka opanda pepala

Okondedwa omvera, ine ndimasunga pepala lililonse m'faelo, ngakhale tikiti ya sitima. Mliri wa kolona utavuta, ndinaperekeza anansi anga a m'tauni ya Rockingham, mayi okalamba achiaborijini, mtundu wa eni nthaka a dziko ndikukhalali, ku ofesi ina kukapempha nyumba, poti ankathithikana ndi adzukulu m'chipinda chimodzi.

Kalaliki anafunsa kuti, "Satifiketi yobadwira ili kuti?"

Mayiwo anati, "Mwanawe, ndinabadwira kutchire. Akanandilemba ndani?"

Anatibweza chimanjamanja. Chonsecho pakhoma pawo apachika chikwangwani chonyezimira cholemekeza eni nthaka! Ine wobwera dzana mapepala amanditsegulira khomo lililonse, koma mwini dziko akuti atsimikize kuti anabadwa. Kalata yowakanira imene anatipatsa ndaisunga, ndipo mayiwo akutsokomolabe m'kachipinda komweko.

Inu am'maofesi, tsitsani chikwangwanicho. Ulemu wapakhoma sugoneka munthu m'nyumba.