Tayala la a Mbewe pa Denga la ku Plumstead

Kale, njanji ya Elizabeth isanafike kuno ku Woolwich, nyumba zazitali za m'mbali mwa mtsinjezi zisanamangidwe, pamene kupita ku Lewisham kunali kudikira basi mpaka miyendo kuchita dzanzi, ife tinkakhala kumtunda uko, njira ya ku Plumstead, kumene tikukhalabe mpaka lero, m'nyumba yakale ya njerwa zofiira imene anaigawa mafulati angapo. Chisomo, taika foniyo pansi, ndipo anzakowa asendere kuno, chifukwa ndakumva ukunena kuti kumsonkhano wa eni mafulati a m'nyumba yako yatsopanoyi supitako, ati n'zotopetsa, n'za nkhalamba. Chabwino. Nkhalambayo ndine, ndikuuze za denga, ndipo agogo ako aamuna akhala apawa, a Mbewe, asandidule mawu, pakuti nkhaniyi mwini wake ndi iwowa.

Fulati yathu inali yapamwamba penipeni, moyang'anizana ndi ya Mayi Doreen, mayi wamasiye wochokera ku Jamaica amene ankaseka mpaka mawindo kunjenjemera. Ife awirife ndi amene tinali pansi pa denga, choncho mvula ikalowa inkayamba kupereka moni kwa ife. Komiti ya eni nyumba inalipo, koma inali ya dzina lokha. Denga likadontha, ankangotola kakhadi kalikonse kamene kaponyedwa pakhomo n'kuimbira munthu, ndipo munthuyo ankabwera ndi galimoto yopanda dzina, kukwera, kupaka phula pang'ono, kutsika, n'kutiuza kuti amene anabwera poyamba uja sankadziwa ntchito. Mvula ina ikagwa, foni yake inkangoitana. Tinkaitana wina, nayenso kunyoza mnzake, kupaka phula lake, n'kusowa. Inu lero mumaona pafoni nyenyezi zoyamikira ntchito ya munthu musanamuitane, koma ife nyenyezi zathu tinatsala pang'ono kumaziona kudzera pa siling'i.

Chaka chimene Tadala, amayi ako, anabweretsa mnyamata, kadontho kanaoneka pakona ya pabalaza. Ndinati, "Bambo a Tadala, kauzeni a komiti, chinkhoswe chili pafupi."

Iwo anayang'ana kadonthoko, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Denga sakonza nthawi ya dzinja, mayi. Tidikire chilimwe."

Ana inu, munthu anali atakhala zaka zambiri mu London, akuyendetsa basi m'mvula tsiku ndi tsiku, koma kalendala ya mumtima mwake inali idakali ya kwathu, kumene mvula ikaleka yaleka, ndipo munthu umasasula denga lonse n'kugona panja osaopa kanthu. Tinadikira. Juni anagwetsa mvula, Julaye anagwetsa mvula, Ogasiti anatipatsa dzuwa Loweruka limodzi ndipo Lamlungu lake inabweranso. Ine ndikafunsa, yankho linali lomwelo: "Sichinafike bwinobwino." Masamba anayamba kuyoyoka, kadontho kaja kakula ngati lichero, a Mbewe akudikirabe chilimwe.

Tsono mumvetse chimene chinkandisowetsa mtendere. Mnyamatayo, bambo ako Chisomo, kwawo ndi ku Chipata, ndipo nkhoswe yake anali amalume ake, a Zulu, munthu wolemekezeka koma wokayikakayika. Uthenga unali utatifika kale kuti a Zulu sankafuna mtsikana wokulira ku London, ati ana oterowo amachokera m'makomo opanda dongosolo, ndipo anati adzayamba aona okha pakhomo pathu asanavomereze chilichonse. Holo anaikana. Ankafuna pabalaza pathu pomwepo, pansi pa siling'i yomweyo. Tadala ankalira mwakachetechete kubafa, akuganiza kuti sindikumva, ndipo ine mtima unkandiwawa kwambiri, chifukwa mwanayo ankamukonda mnyamatayo zenizeni.

Sabata ya chinkhoswe kunawomba chimphepo chimene chinagwetsa mipanda msewu wonse. Pamwamba pa balaza lathu denga linali lafulati, lokutidwa ndi chinsalu chakuda cha phula, ndipo mphepo inachitukula mbali imodzi moti tinkachimva chikuwomba phaphapha. Apa ndiye a Mbewe anati, "Izi ndiye ndikuzidziwa." Anatsika, natola njerwa kuseri kwa nyumba, napempha tayala lakutha kugalaja ya pakona, n'kukwera nazo kudzera pa kachitseko ka m'siling'i. Kwathu ku Ndirande malata akafuna kuuluka ndi mmene timachitira, njerwa ndi matayala pamwamba, ndipo nyumba imakhala zaka. Anatsika akupukuta m'manja, nkhope ili ngwee, n'kuti, "Mayi, ikani madzi a tiyi. Ntchito yatha."

Musaseke kwambiri, chinsalucho chinasiyadi kuwomba. Koma denga la malata limatsetsereka, pamene ili linali lathyathyathya, lokhala ndi kabowo kamodzi kotsitsira madzi, ndipo njerwa zija anazindandalika mozungulira kabowoko. Masamba anadzaunjikana pa njerwapo, madzi anasowa njira, ndipo pamwamba pa mitu yathu panakhala dziwe. Lachinayi m'mawa ndikusesa, ndinamva Mayi Doreen akukuwa dzina langa. Kwawo madzi ankatsika ndi khoma, kwathu siling'i inali itatupa ngati mimba ya mbuzi yokhuta, ndipo chinkhoswe chinali Loweruka.

Ndinaimbira onse a timakhadi tija. Ena osayankha, ena akuti mwezi wamawa, ndipo mmodzi anandiuza mosabisa kuti chimphepo chikawomba amayamba ndi nyumba zimene amazisamalira nthawi zonse, ife osadziwika tidikire kumapeto kwa mzere. Mawu amenewo ndinawasunga. Ndinakhala pa masitepe n'kuyamba kulira, ndipo Mayi Doreen, amene anali ndi chifukwa chonse chotikwiyira, anadzakhala pambali panga, chopukutira chonyowa chili m'manja.

"Ukulira chiyani, mwana wanga?" anatero m'Chingerezi chawo chokoma chija. "Kutchalitchi kwathu kuli Terry, wakhala akusamalira denga la tchalitchicho chiyambire. Ndikamuuza kuti ndi za ukwati, abwera. Akakana ndikamuneneza kwa amayi ake."

Terry anabweradi masana omwewo, munthu wamfupi, wadazi, wa ku Greenwich konkuno. Anakwera ndi a Mbewe, ndipo ife pansi tinangomva kuseka, kuseka kwa anthu awiri. Atatsika, tayala lili paphewa, misozi ili m'maso, anati, "Mayi, ndaona zambiri pamadenga, mipira, nsapato, ngakhale njinga, koma tayala ndi loyamba. Komatu amuna anuwa akanapanda kuchipsinja chinsalucho, mphepo ikanachitenga chonse. Angophonya poika njerwa basi."

A Mbewe anandiyang'ana. "Mwamva, mayi? Nzeru inali yabwino."

"Nzeru yabwino yanyowetsa khoma la Mayi Doreen," ndinatero.

Terry anatsegula kabowo kaja, madzi anatsika ndi mpope ngati mtsinje, anamata chinsalu, n'kuboola pang'ono siling'i kuti otsalawo atuluke mu ndowa. Koma anatiuza zoona, kuti zimene wachitazo n'zongotifikitsa Loweruka, ndipo denga lathu lagwiridwa ndi manja ambiri osadziwana, aliyense kumata pamwamba pa zolakwa za mnzake. Lachisanu a Mbewe ndi Tadala anamata siling'i n'kupaka penti, mawindo onse otsegula, ife tikuzizidwa ngati tili pamsika.

Loweruka mvula inayamba m'mawa, yeniyeni, yosasewera. Alendo anadzaza pabalaza, tambala ndi thadzi tinagula zososola kale pamsika wa Woolwich chifukwa zamoyo ukanazitenga kuti, ndipo a Zulu anakhala pampando waukulu, pansi penipeni pa pamene panali potupa paja. Atsikana ankalowa ofundidwa zitenje, anthu akululutira, koma ine, a Mbewe ndi Mayi Doreen maso athu anali kumwamba, moti mlendo wina anandinong'oneza kuti, "Mayi, mumapemphera kwambiri." Kenaka a Zulu nawonso anakweza mutu, nayang'ana siling'i nthawi yaitali, nanunkhiza penti.

"Manje imwe a Mbewe," anatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni, "mvula yonse iyi, mukati muli chabe gwa, na penti mwapakila ise? Iyi ni nyumba ya dongosolo maningi. Mwana tamulandila."

Ndinathawira kukhitchini kukalira, ndipo Mayi Doreen ananditsatira akuseka mpaka kugwira khoma.

Msonkhano wotsatira wa komiti ndinapitako ine, amene ndinali ndisanapondeko. Ndinawauza mawu a munthu uja, akuti osadziwika amadikira kumapeto kwa mzere, ndipo ndinati tisankhe munthu mmodzi akhale wathu. Ena anati womangika kwa mmodzi amadyeredwa, ndipo nkhawa imeneyo si yopusa, choncho tinagwirizana kuti ntchito ikakhala yaikulu tizifunsako ena kuti tiyerekeze. Koma amene anamaliza nkhani ndi a Mbewe. Anaimirira n'kufotokoza kuti kumudzi kwa amayi awo kufolera sikudikira kudontha, anthu amakwera padenga chaka chilichonse mvula isanagwe, ndipo wofolera amakhala yemweyo, wodziwa phaso lililonse lofooka. Mzungu wina wa m'fulati yapansi anafunsa kuti, "Nanga kuno mvula isanagwe ndi liti?" Nyumba yonse inaseka, ndipo tinagwirizana kuti ndi pamene masamba ayoyoka.

Kuyambira pamenepo Terry ankabwera masamba akangogwa, osaitanidwa, kuchotsa zinyalala, kuona matailosi osweka, kutiuza chimene chingadikire ndi chimene sichingadikire. Akalakwitsa ankabwerera yekha, chifukwa panalibe wina womunamizira. Chimphepo chikawomba, ife tinali kumayambiriro kwa mzere. Ndipo mikangano ya pamasitepe, yoti walakwa ndani, inatha, moti anthu tinayamba kupatsana moni ndi mtima wonse. Lero Terry mawondo anamukana, m'malo mwake kumabwera mwana wake wamkazi, amene amaulutsa kakamera m'mwamba n'kutionetsa denga pafoni, koma tiyi ndi mandasi anga amamwabe ngati bambo ake. Tayala lija lili kuseri, ndinadzalamo mpiru.

Ndiye Chisomo, usandiyankhe m'Chingerezi, ndikudziwa wamva. Fulati yako ndi yapansi, ukuganiza kuti denga ndi la a pamwamba, koma madzi akalowa amatsika mpaka akupeze. Pita kumsonkhanoko, ukhale ndi anzako, mupeze munthu mmodzi wokhulupirika denga lisanadonthe, mumudziwe dzina, mumupatseko tiyi. Ukatopa ndi zokambazo, uzikumbukira kuti dontho limodzi likanagwera pamutu pa a Zulu tsiku lija, iweyo sukanakhala pano ukundinyoza ndi maso. Ndipo agogo akowa akakuuza kuti dikira kaye, usawamvere, mwana wanga. Taona, akuyang'ana pawindo. Chilimwe chija mpaka lero akuchidikirabe.