Shati ya Kaki ya mu Mtolo wa Kuchipatala

Lachisanu, mwezi wa Juni ukutha. Ku Minga.

Ndakhala kuseli kwa nyumba yogona atsikana, pamene pali kadzuwa, buku lili pa maondo. Anzanga apita kukatunga madzi. Amake Luka, amene amatsogolela gulu la amai osoka pano pa mishoni, anena kuti Lachinayi likubwelali ndikaimilile ndinene zimene Mulungu wandichitila. Ine kulankhula pagulu sinditha. Choncho ndikulembelatu, kuti tsikulo ndikangowelenga.

Amai anga nonse a m'gulu, ndi inu atsikana anzanga, landilani moni wanga m'dzina la Ambuye. Ndine Velonika Sakala wa ku Nyimba. Mumandidziwa kuti ndine uja amasoka osatsegula pakamwa. Vuto langa simunalidziwe chifukwa sindinauzepo munthu. Atate anga anapita ku Walale kukafuna nchito ine ndili wamng'ono, ndipo papita zaka osamva za iwo.

Poyamba ankatumiza moni kudzela mwa anthu obwelela kumudzi. Kenaka kunangoti zii. Anthu kwathu anayamba kuwatchula mchona, munthu wopita osakumbukanso kwao, koma amai anga sanavomelepo dzina limenelo. Iwo amagulitsa nthochi pamene basi ya ku Lusaka imaima pa Nyimba. Ndikakhala nao pa holide ndimaona mmene amachitila: dzanja likupeleka nthochi pa windo, koma maso ali pa khomo la basi, kuyang'ana aliyense wotsika. Basi ikanyamuka amakonza duku, n'kukhala pansi.

Nchito ya gulu lathu mukuidziwa, koma ndiinene chifukwa ndi mmene Mulungu anadzela. Lachinayi lililonse timayala mphasa pa khonde la holo, timadula zovala zakale kukhala zigamba, timazilumikiza, n'kuika matumba a ufa mkati kuti bulangeti likhale lolemela. Likatha timakapatsa odwala m'chipatala kapena ana amasiye. Amake Luka amakonda kulitambasula n'kunena kuti, "Chitaganya chabwino ndi ichi, osati chija cha maiko atatu atipangila azungu. Apa palibe chigamba cholamula chinzake." Amai onse amaseka mpaka singano kugwa.

Zovala zina zimachokela m'makomo, zina zimabwela mu mtolo wa kuchipatala. Tonse tinazolowela kuganiza kuti za mu mtolo umenewu ndi za anthu amene anamwalila opanda mbale wodzatenga katundu wao. N'chifukwa chake amai amayamba alemba chizindikilo cha mtanda asanaumasule, ndipo nthabwala zimayamba zaleka.

Lachinayi la sabata yatha ndinapisa dzanja mu mtolowo n'kutulutsa shati ya kaki yothethekela m'khosi. Pansi pa thumba lake panali chigamba cha nsalu yabuluu, chosokedwa ndi ulusi wofiila, msoko wake wokhotakhota, pena patali pena pafupi. Chigamba chimenecho ndinasoka ndine, tsiku loyamba kugwila singano, ndi ulusi umene ndinasolola m'mphepete mwa duku la amai anga. Amai anafuna kuchiphwasula kuti asoke bwino, koma atate anakana. Anati, "Chisiyeni, ndikavale ku Walale anthu akaone nchito ya telala wanga."

Sindinalile pamaso panu. Ndinapinda shatiyo, ndinaiika pansi penipeni pa dengu la zovala zodula kuti isadulidwe tsiku limenelo, n'kupitiliza kusoka. Zimene ndinasoka tsiku lija amake Luka anachita kuphwasula.

Masiku otsatila anali olemela. Ndinkaganiza kuti atate anali pa ulendo wobwela kwathu, anadwala m'njila, anafika pano, ndipo anamwalila m'chipatala kutsidya kwa msewu ine ndili m'kalasi kuloweza matebulo a masamu. Ndinkadzifunsa ngati anamva belu la sukulu yathu, ngati anadziwa kuti mwana wao ali pafupi chonchi. Lamulungu Misa itatha ndinapita kumanda ndekha. Ndinaima pa mitumbila yatsopano yopanda maina, osadziwa woti ndigwadepo. Chimene chinkandiopsa koposa chinali amai anga. Ndikawauza bwanji kuti aleke kuyang'ana pa khomo la basi?

Ndinena zoona, sindinapemphe kuti atate akhale moyo. Mtima wanga unalibe mphamvu yopempha chinthu chachikulu chotelo. Ndinkangogwada m'tchalitchi madzulo tisanadye, n'kunena kuti, "Ambuye, munditumizile munthu wondionetsa manda ake." Pemphelo langa linali lomwelo tsiku ndi tsiku.

Mailo, Lachinayi, dengu linatsika mpaka pansi. Ndinaona amake Luka atanyamula shati ija, sizasi ili kale pa kolala. Sindidziwa mmene ndinaimilila. Ndinangoona kuti ndawagwila pa mkono.

"Iwe mwana, ufuna ndikudule chala?"

"Amai, ndi ya atate."

Anandiyang'ana, anayang'ana shati. "Atate ako anamwalila liti?"

"Sindidziwa."

Anaika sizasi pansi, anamanga chitenje mwamphamvu, n'kuwoloka msewu shati ili m'manja. Inu amai munandikhazika pakati panu. Wina anandifunditsa bulangeti losatha kusoka, singano ikulendewela. Patapita kanthawi amake Luka anabwelela akupuma mwawefuwefu.

"Pukuta misozi, telala. Amene anabwela ndi shati iyi ali moyo, ndawapeza akusenda mbatata. Ndipo si atate ako, pokhapokha ngati atate ako ndi a Mwanza a ku Sasale."

Sindinamvetse. Nthawi yoona odwala inali itatha, choncho anandilonjeza kuti tipita limodzi lelo.

Masana ano tinawapeza a Mwanza pa khonde la wodi ya amuna, akuothela dzuwa. Ndi bambo wowonda kwambili, chifuwa chinawadya. Anali atafunda bulangeti lathu, lija lili ndi zigamba zobiliwila m'mphepete. Ndinagwada chapatali, ndipo amake Luka anandilankhulila.

A Mwanza anafotokoza kuti ankagwila nchito limodzi ndi atate pa pulazi ya fodya kufupi ndi Sinoya, ku Walale komweko. A Mwanza atadwala, anawakweza lole yobwela kuno chisanu chitangoyamba, ali ndi vesiti yokha. Atate anawaona akunjenjemela, anavula shati yao pomwepo n'kuwaveka. A Mwanza atafika pano n'kuyamba kupeza bwino, amai a gulu lathu anawapatsa bulangeti. Iwo analibe chothokozela, ndiye anapeleka shatiyo kwa anesi kuti ipite kwa osoka, ikafunditse wina.

Ndinadzikakamiza kufunsa ndekha. "Bambo, atate anga ali bwino?"

"Ali bwino, mwana wanga, kungoti imvi zayamba. Manyazi ndiwo awamanga miyendo. Amati, ndikafika bwanji ku Nyimba chimanjamanja?"

"Za ine ananenapo?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Kansi telala uja ndiwe? Pondiveka shati anati, 'A Mwanza, musamale chigambacho, telala wake ali kutali.'"

Apo ndinalila, ndipo sindinabise nkhope.

Pali chimodzi chimene ndinachita nacho manyazi pobwelela. Mbali ina ya mtima wanga inawawa kuti atate anapatsa munthu wina shati ya chigamba changa. Koma ndinakumbuka mapewa a a Mwanza, mafupa okhaokha, ndi mphepo ya pamwamba pa lole. Atate anachita zimene inu amai mumachita pa khonde lija: anapeleka nsalu imene anali nayo kwa munthu wozizidwa. Akanaiumila, bwenzi lelo ndikuyendabe kumanda. Inunso mukanapanda kusoka bulangeti lija, a Mwanza sakanakhala ndi chifukwa chopelekela shati, ndipo akanachila n'kupita nayo ku Sasale ine osadziwa kanthu.

Ndikuthokoza Mulungu, amene ndinamupempha manda koma anandiyankha ndi munthu wamoyo. Ndikuthokoza amake Luka chifukwa chowoloka msewu, ndi a Mwanza, amene atiuza dzina la pulaziyo kuti titumize mau. Ndikuthokozanso inu nonse amene mumabwela kudzasoka ngakhale kumunda nchito ikudikila, ngakhale maso akuwawa. Musaleke. Simudziwa kumene chigamba chilichonse chachokela, ndiponso simudziwa amene akuchidikila.

Kwa inu atsikana amene muli ndi atate kapena alongo ku Walale ndi ku migodi, ndikudziwa mmene mumakhalila chete pamene ena akulandila alendo. Pitilizani kupemphela, ngakhale pemphelo lanu likhale laling'ono ngati langa. Ndipo musasenze nokha monga ndinachitila ine. Uzani mai mmodzi.

Atate sanabwele. Sindidziwa ngati adzabwela mvula isanagwe, kapena chaka china. Ndimayesa kuganiza nkhope yao ili ndi imvi, koma imakana, imabwelabe ija ya kale. Ndikuwafuna kwambili, mwina kuposa mmene ndinkawafunila ndisanadziwe kuti ali moyo.

Apa ndi pamene ndidzalekele kuwelenga Lachinayi. Zotsalazi ndi zanga.

Kadzuwa kachoka, zala zauma. Amai ku Nyimba sadziwa chilichonse, ndipo nkhani iyi siyoyenela kuti akaimve kwa munthu wa pa basi. Chifikileni pa sukulu ino sindinagogodepo pa chitseko cha a Sisitele aakulu, ndimachita kuzungulila kuseli ndikawaona. Mailo m'mawa, Misa ikangotha, ndidzagogoda, ndidzalankhula ndi pakamwa panga osatuma mnzanga, ndipemphe chilolezo chopita kwathu kukauza amai kuti amuna ao ali moyo.