A Kazembe a Dziko Limene Silinavomerezedwe

Malemu anabadwa pa 14 Juni 1946, m'kanyumba ka kuseri kwa siteshoni ya sitima, kumene bambo athu ankagulitsa matikiti. Anali oyamba m'banja la ana asanu, ndipo ine ndaima panoyu ndine mng'ono wawo, chitsirizira. Ambiri munkawadziwa ndi dzina loti a Kazembe.

Sukulu anayamba mu 1953. Anali mwana wamakani, moti mayi ankati, "Uyu ukamutuma madzi amayamba wafunsa kuti lamulo lake lili pati." Choncho palibe anadabwa pamene mu 1966 anapita ku likulu kukaphunzira zamalamulo. Atabwerako anatsegula kaofesi moyang'anana ndi khoti, ndipo mu 1972 anamanga banja ndi alamu anga ali apawa, amene anali namwino pachipatala cha m'tauni muno. Zinali zaka zokoma zimenezo. Loweruka pakhonde pawo pankadzaza anthu, wailesi ikulira, iwo akutsutsana ndi aliyense, ngakhale amene akugwirizana nawo.

Mu 1979, monga akuluakulu mukukumbukira, chigawo chathu chinalengeza kuti chapatuka, tsopano ndi dziko palokha. Madandaulo anali enieni: misonkho inkapita ku likulu, koma misewu ndi sukulu osabwera. Mtsogoleri wathu, amene tonse timawatchula kuti a Tcheya, anali mnzawo wa malemu kuyambira ku pulayimale. Iwowa ndiwo anawatuma kutsidya kwa nyanja kukapempha maiko ena kuti ativomereze. Tsiku lonyamuka malemu anatiuza kuti, "Anthu tili nawo, malo tili nawo, boma tili nalo. Chatsalachi chili ngati ukwati. Sungafunsire wekha n'kudziyankha wekha."

Kumeneko anapeza chipinda pamwamba pa shopu ya wosoka nsapato. Munali tebulo, mipando iwiri ndi makina otaipira makalata, ndipo bedi ankalibisa kuseri kwa katani kuti alendo aziona ngati ndi ofesi. M'mawa ankasita suti yawo imodzi ija n'kukakhala pabenchi ku unduna woona za ubale ndi maiko ena. Ankawalandira mwaulemu, tiyi ankawapatsa, koma ankalowera khomo la anthu wamba ndipo palibe ankatchula udindo wawo. Wosoka nsapato yekhayo ndiye ankawapatsa moni woti "a Kazembe". Anatifotokozera iwo eni akuseka, dzina n'kukakamira.

Mu 1985 mayi athu anatisiya. Malemu sanabwere kumaliro. Pasipoti yakale imene anapitira inali itatha, ndipo ya dziko lathu latsopanolo panalibe bwalo la ndege limene linkailandira. Uthenga ndinawauza ndine patelefoni. Anangofunsa kuti, "Mwawaveka chiyani?" Nditangowauza kuti diresi lobiriwira lija, foni inaduka.

Chimene chinawabweza ndi chikuku cha mu 1989. Malire anali otseka, ndipo katemera sankalowa chifukwa othandiza ankati amagwira ntchito ndi boma lovomerezeka lokha. Alamu anawaimbira kuti m'wodi ya ana ayamba kugoneka atatu pabedi limodzi. Mwa ana amene tinaika m'manda chaka chimenecho, mmodzi anali wanga.

Malemu anabwera movutikira, podutsa m'maiko a eni, ndipo malire anawolokera kumbuyo kwa lole ya simenti. Asanafike n'kunyumba komwe anapita kwa a Tcheya, fumbi lili mbuu. Anati, "Mnzanga, ndagogoda zaka khumi, palibe watsegula. Ana sangadikire." A Tcheya anayankha kuti, "Nanga amene anafera ufuluwu tikawauza chiyani?" Onse awiri ankanena zoona.

Malemu ndiwo anatsogolera zokambirana ndi a ku likulu. Mu 1991 pangano linasainidwa: chigawo chinabwerera m'dziko lakale, koma chili ndi nyumba yake ya malamulo ndi gawo lake la misonkho. Katemera analowa. Komabe ambiri anawatcha mthirakuwiri, mawindo a nyumba yawo anaswedwa, ndipo a Tcheya anasiya kuwalankhula. Pakhonde paja panazizira. Malemu sananenepo kuti kupatuka kunali kulakwa, ndipo sanalole munthu kunyoza a Tcheya pamaso pawo.

Kuyambira 1993 mpaka 2011 anaphunzitsa zamalamulo kukoleji. Ena mwa maloya mwakhala kutsogoloku munadutsa m'manja mwawo, ndipo mukudziwa kuti yankho lolondola silinkawakwanira ngati sunalimenyere nkhondo.

Chaka chatha anayamba kuvutika ndi impso. Pa 3 mwezi uno anagonekedwa m'chipatala. Sabata yathayi tinangoona a Tcheya akulowa m'wodi, ndodo m'manja. Anaima kumiyendo kwa bedi n'kunena kuti, "Sindinakukhululukire." Malemu anati, "Ndikudziwa. Khala pansi, bondo lakolo ndi loipa." Anayambiranso mkangano wawo pomwe unalekezera, mpaka namwino anawabalalitsa. M'mawa mwake a Tcheya anabweranso, ndipo sanajombe mpaka Lachiwiri pa 19, pamene malemu anatsirizika iwo ali pambali pawo.

Asiya akazi awo, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi ife abale awo awiri. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino, anansi amene mwagona nafe pano, ophunzira awo amene mwathandiza pa bokosi ndi galimoto, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu. A Tcheya apempha kuti ayende kutsogolo kwa bokosi. Bondo lawo silifulumira, choncho tonse tiyenda pang'onopang'ono.

Pitani bwino, achimwene. Mzimu wanu uuse mumtendere.