Liwombo linalowa, bere silinaleke

Amayi awiri osadziwana ankadikira chapa, minibasi ya ku Mozambique, ku Insaca, wamng'onoyo akuyamwitsa.

"Koma ndiye akuyamwa mwamphamvu mwana wanuyu!"

"Sabata yatha sakanatero, mayi. Anatsegula m'mimba masiku atatu, liwombo mpaka kulowa."

"Mayo ine! Munamumata mankhwala pamutu?"

"Anamata apongozi. Kenako akuti ndimuletse bere, eti mkaka wanga unasasa poti ndinatandala padzuwa kumunda wa mpunga."

"Munamvera?"

"Ine? Ndinkamuyamwitsa mobisa kuseri kwa nkhokwe. Kuchipatala anandipatsa timapaketi ta soro, ufa wosungunula m'madzi owiritsa uja, ndikumamumwetsa pang'onopang'ono."

"Nanga apongoziwo akuti chiyani pano?"

"Akulengeza mudzi wonse kuti mankhwala awo ndiwo anadzutsa liwombo. Alekeni anene. Mwana ndi uyu, bere ndi ili!"